Madola 325 miliyoni pa mkono umodzi: kodi Dodgers inagula bwino Yamamoto?

Chimwene wa ku Los Angeles:
Abale anga, nkhani iyi yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira usiku wa pa 1 Novembala 2025, ndiye ndati ndiitule pano kuti tiikambirane. Mu Disembala 2023 Dodgers, timu ya baseball ya kuno ku Los Angeles, itasainitsa woponya mpira wa ku Japan Yoshinobu Yamamoto kontirakiti ya zaka 12 ya madola 325 miliyoni, ine ndinali mmodzi mwa anthu amene tinkati eni timu ataya ndalama. Mnyamata wa zaka 25, wochepa thupi, woti sanaponyepo mpira ngakhale umodzi mu ligi ya kuno ku America. Pamwamba pake anaperekanso madola oposa 50 miliyoni kwa timu yake yakale ya Orix Buffaloes kuti imumasule. Gemu yake yoyamba, ku Seoul mu Malichi 2024, a San Diego Padres anamumenya ma run (zigoli za baseball) 5 mu inning imodzi yokha (gemu imakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning), kochi namutulutsa. Mu Juni phewa linamuvuta, nakhala panja pafupifupi miyezi itatu.

Koma gemu yachisanu ndi chiwiri ya World Series (ndime yomaliza ya chikho, imene amatenga ndi woyamba kupambana magemu anayi) polimbana ndi Blue Jays ku Toronto ndinaionera m'galaja ya mnansi wanga, bambo wina wochokera ku Mexico amene wasapota Dodgers kuyambira nthawi ya Fernando Valenzuela, woponya wakale wa timuyi wa ku Mexico komweko. Tinalipo anthu ngati khumi ndi awiri pa mipando ya pulasitiki, nyama ili pamoto. Itafika inning ya 9, zinthu zili 4-4, a Blue Jays ali ndi anthu awiri pa ma base (malo amene womenya amadutsamo pothamanga kuti agoletse run), tinangoona Yamamoto akutuluka kuti adzaponye. Munthu woti dzulo lake anali ataponya mipira 96! Bambo uja anaimirira, navula chipewa, nachigwira pachifuwa. Nyama inapserera pamoto palibe amene anaikumbuka. Mnyamatayo anaponya mpaka inning ya 11, m'nthawi yoonjezera, osalola run ngakhale imodzi, Dodgers inapambana 5-4, iyeyo n'kukhala wosewera wopambana onse wa mpikisanowo. Mwa magemu anayi amene timu inapambana, atatu anali ake.

Funso langa ndi lakuti: kodi pamenepa ndalama zija zabwerera kale? Ine mtima wanga ukuti inde. Mutu wanga ukuti kwatsala zaka khumi.

Malume a ku South Bend:
Mphwanga, mverani mutuwo. Ine masewerawa ndakhala ndikuwatsata zaka zambiri ndipo nyimbo imene mukuimbayi ndinaimvapo kale, mu 2019. Chaka chimenecho Stephen Strasburg wa Washington Nationals ndiye anali pakamwa pa aliyense. Anaponya mochititsa kaso, timu inatenga chikho koyamba m'mbiri yake, iyeyo n'kusankhidwa wosewera wopambana wa World Series, chimodzimodzi Yamamoto wanuyu. Mu Disembala womwewo anamupatsa zaka 7, madola 245 miliyoni. Palibe amene anadandaula.

Mukudziwa kuti atasaina anaponya magemu angati? Asanu ndi atatu. M'zaka zonsezo, magemu 8 basi. Choyamba dzanja linayamba kuchita dzanzi, anamuchita opaleshoni. Kenaka mitsempha ya pakati pa khosi ndi phewa inapanikizika, mpaka anamuchotsa nthiti. Mu 2024 anangolengeza kuti wasiya kusewera. Mukagawa ndalamazo ndi magemu amene anaponya, gemu iliyonse inadya madola oposa 30 miliyoni.

Ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti Nationals inamusamala mwana ameneyu ngati dzira. Mu 2012, timu ikulowa m'ndime za chikho, anamuimitsa dala kuti mkono upume, masapota akulira. Anachita zonse zoyenera, koma mkono unathabe. Ndiye munthu akandiuza kuti zaka 12, ine ndimagwira mutu. Womenya mpira mutha kumupatsa zaka zambiri, iye amakalamba pang'onopang'ono. Woponya amatha tsiku limodzi, pa mpira umodzi.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Pepani akuluakulu, ine ndine mlendo pa masewerawa. Gemu ija ndinaionera pa foni chifukwa cha phokoso lanu pagulu pano. Inayamba cha m'ma 2 koloko usiku kuno, n'kutha kunja kutayera, moti ndinapita ku tchalitchi maso ali psuu. Ndinakomedwa nayo, koma pali zimene sindikumvetsa. Mukati gemu ya dzulo lake anaponya ndiye n'zodabwitsa kuti waponyanso, chodabwitsa n'chiyani? Goloboyi amagwira gemu iliyonse. Chachiwiri, ndalama zonsezi zimapita kwa wosewera kapena kwa timu imene akuchokera, monga zinachitikira Neymar popita ku PSG?

Chimwene wa ku Los Angeles:
Aphunzitsi, mwafunsa bwino. Sizoni ya baseball ili ndi magemu 162, amasewera pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala. Woponya woyambitsa gemu amaponya mipira pafupifupi 90 kapena 100, yambiri mwa iyo pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola. Akatero mkono umakhala wotupa, wolemera, ndipo amafunika masiku anayi kapena asanu kuti ubwerere m'chimake. N'chifukwa chake timu imakhala ndi oyambitsa asanu osinthana, ndipo aliyense amaponya magemu 32 kapena 33 pa sizoni ngati sanavulale. Kuponya mipira 96 lero, mawa lake n'kubweranso kudzaponya ina 34 pa nthawi yovuta chonchija, masiku ano sizichitikachitika.

Pa za ndalama, kuno n'kosiyana ndi mpira wamiyendo. Matimu a kuno sagulitsana osewera ndi ndalama zambirimbiri ayi, amasinthana osewera. Wosewera akakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu amakhala womasuka, timu iliyonse itha kumunyengerera, ndipo ndalama zonse zimalowa m'thumba mwake. Za Yamamoto zinasiyana pang'ono poti ankachokera ku Japan. Madola 50 miliyoni aja ndiwo akufanana ndi ndalama zogulira wosewera zimene mukuzidziwa, pomwe 325 miliyoni ndi zake.

Malume a ku South Bend:
Ndionjezerepo aphunzitsi. Ufulu umenewu sunangobwera. Kale timu ikakusainitsa unali wake mpaka kalekale, ikakugulitsa umangonyamula katundu. Mu 1969 Curt Flood anakana kutumizidwa ku Philadelphia, nkhani inafika mpaka ku khoti lalikulu la dziko la America, mu 1972 anagonja, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Koma mu 1975 oponya awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, anapambana mlandu wawo, chitseko n'kutseguka. Ku Ulaya, mu mpira wamiyendo, zofanana ndi zimenezi zinadzabwera mu 1995 ndi mlandu wa Bosman.

Chinthu china chimene muyenera kudziwa kuti mumvetse nkhawa yanga: makontirakiti a baseball ndi otsimikizika. Wavulala, walephera, mkono wafa, ndalama amalandirabe zonse. Timu singanene kuti poti sukusewera tikudula malipiro. Ine sindikutsutsa zimenezo, wantchito ayenera kutetezedwa. Ndikungoti wosaina cheke aziganiza kawiri.

NaBanda, Leeds:
Moni nonse. Ine baseball sindiidziwa kwambiri, koma chigongono ndimachidziwa, chifukwa ntchito yanga ndi yophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo akachitidwa opaleshoni ya mafupa. Ndiye ndiloleni ndinene chimene madola 325 miliyoni atsamirapo.

Tambasulani mkono, chikhatho chiyang'ane kumwamba, mugwire kafupa kotuluka kumbali ya m'kati ya chigongono, kumene mukagunda pa tebulo mumamva ngati magetsi. Pansi pake pang'ono pali kamtsempha kolumikiza fupa la kumtunda ndi la kumunsi. N'kakang'ono, kutalika kwake sikufika ndi chala chanu chaching'ono chomwe. Munthu akamaponya mpira mwamphamvu, mkono umapindikira kumbuyo kwambiri usanabwere kutsogolo, ndipo kamtsempha kameneka kamakokedwa mpaka pafupi ndi malire ake. Osati kamodzi, koma pa mpira uliwonse. Minofu mutha kuilimbitsa ku jimu, koma mtsempha umenewu sukula mphamvu mofanana ndi minofu. Munthu akamaonjezera liwiro, katundu yense amagwera pa iwo.

Ukaduka, madokotala amatenga mtsempha wina, kawirikawiri wa pamkono kapena wa kumwendo, n'kuboola mafupa, n'kuulowetsa m'malo mwa wodukawo. Woyamba kuchitidwa zimenezi anali woponya wa Dodgers yomweyo, Tommy John, mu 1974, dokotala wake anali Frank Jobe, ndipo mpaka lero opaleshoniyi imadziwika ndi dzina la wodwalayo. Iyeyo anachira, naponya mpaka 1989 ali ndi zaka 46. Koma kuchira kwake kumatenga chaka ndi miyezi ingapo, ndipo si onse amabwerera mmene analili.

Anthu amaona ngati opaleshoni ndi kukonza galimoto. Ine ndimakhala ndi munthu wamkulu, wamphamvu zake, akutuluka thukuta pofuna kungowongola mkono kuti afikire kapu ya tiyi. Masabata oyamba amenewo ndi owawa, ndipo ndalama sizichepetsa ululu wake.

Mayi a ku Bronx:
Achemwali a ku Leeds, mwandikumbutsa chilonda. Ine ndine wa Yankees, timu ya kuno ku New York, ndimakhala mtunda woti ndikatsegula windo usiku ndimamva phokoso la pa bwalo. Ife tinagula Gerrit Cole mu Disembala 2019, zaka 9, madola 324 miliyoni, ndiye kuti 36 miliyoni pa chaka. Dodgers inangoonjezerapo miliyoni imodzi kuti ya Yamamoto ikhale yoposa yathu. Cole ankachokera ku Houston, kumene chaka chimenecho anapambana magemu 20 n'kutulutsa omenya 326 ndi strikeout, ndiko kuphonyetsa womenya katatu. Analinso mwana wathu mumtima: ali ndi zaka 11 anajambulidwa pa World Series ya 2001 atanyamula chikwangwani chosapota Yankees.

Ndiye tinapindula kapena tinaluza? Mpaka lero sindikhala ndi yankho limodzi. Zaka zinayi zoyambirira anali mzati weniweni. Tsiku lake loponya likafika umapita kuntchito mtima uli m'malo. Mu 2023 anatenga mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi yake, ndipo ovota onse anamuika poyamba. Mu 2024 chigongono chinayamba kulankhula, anayamba kuponya mu Juni. Kenaka usiku uja wa pa 30 Okutobala, gemu yachisanu ya World Series ya 2024, tikutsogola Dodgers 5-0. Mu inning ya 5 osewera athu analakwitsa: Aaron Judge anagwetsa mpira wophweka, Anthony Volpe anaponya molakwika, Cole n'kulimba mtima kutulutsa awiri, mmodzi mwa iwo Shohei Ohtani, katswiri wa Dodgers wochokera ku Japan. Kutsala mmodzi yekha kuti tipulumuke. Mookie Betts wa Dodgers anamenya kampira kokwawa kupita kwa Anthony Rizzo wathu, ndipo Cole, m'malo mothamangira pa base yoyamba kuti akalandire mpirawo, anaima n'kungoloza ndi chala. Ma run 5 analowa, tinagonja 7-6, chikho chinanyamulidwa pa bwalo lathu lomwe. Mwana wanga wamwamuna sanadye tsiku lotsatira.

Mu Malichi 2025 mtsempha umene achemwali akunenawo unaduka. Sizoni yonse sanaponye. Madola 36 miliyoni analandira.

Komabe mukandifunsa ngati ndikanakonda kuti asabwere, ndikana. Popanda iye sitikanafika n'komwe pa usiku umenewo.

Malume a ku South Bend:
Mayi, mwandinenera mfundo yanga. Zaka 6 zapita, chikho palibe, chaka chimodzi chonse chapita padera, ndipo munthu akubwerera ali ndi zaka 35 ndi chigongono chosokedwa. Ameneyo ndiye ankaoneka wolimba kuposa onse.

Mayi a ku Bronx:
Ayi malume, sindinakunenereni. Chikho sichitengedwa ndi munthu mmodzi. Judge akanagwira mpira uja bwenzi tikulankhula zina.

Mnyamata wa ku Osaka:
Zikomo makolo anga, ndilowererepo pang'ono poti ndili kuno ku sukulu ndipo bwalo la Orix, Kyocera Dome, lili mu mzinda womwe uno. Achimwene a ku Los Angeles anati Yamamoto anali asanaponyepo mu ligi ya ku America, n'zoona, koma anthu kuno zimawapweteka akamva ngati anali wosadziwika. Zaka zitatu zotsatizana, 2021, 2022 ndi 2023, anatenga mphoto ya Sawamura, imene ndi ya woponya wopambana m'dziko lonse la Japan, ndipo zaka zitatu zomwezo anasankhidwa wosewera wopambana wa ligi yake. Orix inatenga chikho cha dziko mu 2022. Anali m'timu ya Japan imene inapambana World Baseball Classic, mpikisano wa mayiko, mu 2023. Gemu yake yomaliza ku Orix, polimbana ndi Hanshin Tigers, anaponya gemu yonse yekha, mipira 138, n'kutulutsa omenya 14 ndi strikeout. Choncho Dodgers sinagule mphaka m'thumba. Mets ndi Yankees nazonso zinkamulimbirana.

Mfundo imene ndikuona kuti malume akuidumpha ndi ya msinkhu. Strasburg ankasaina ali ndi zaka 31, Cole ali ndi 29. Pafupifupi woponya aliyense wa ku America akamamasuka amakhala ali pafupi ndi zaka 30, ndiye timu imalipira ndalama zambiri pogula zaka zake zotsetsereka. Yamamoto anali ndi 25. Woponya wa msinkhu umenewo, waluso lotere, sapezeka pamsika. Dodgers inagula zaka zake zokwera.

Kukonzekera kwakenso n'kwachilendo. Sakonda kunyamula zitsulo zolemera. Amaponya timikondo topepuka, amapinda thupi chagada ngati mlatho, amaima ndi manja miyendo ili m'mwamba. Cholinga chake n'chakuti mphamvu ichokere m'thupi lonse, mkono usasenze wokha.

Gemu yomaliza ija kuno inali Lamulungu m'mawa, kuyambira 9 koloko. Ndinaionera m'chipinda chochezera cha kumene timagona. Mpira womaliza utagwidwa, mlonda wathu, bambo wachikulire amene sindinamuonepo akukweza mawu, anangokhala pansi n'kumapukuta misozi ndi mpango.

NaBanda, Leeds:
Mng'ono wanga, zolimbitsa thupi zimenezo n'zabwino, kufewa kwa chiuno ndi msana kumathandizadi chigongono. Koma usaiwale kuti ngakhale a Dodgers eni ake sakukhulupirira kuti ndi mankhwala. M'kontirakiti yake muli mwayi woti atha kuisiya pakatikati n'kukafuna ina, koma analembamo kuti akachitidwa opaleshoni ya chigongono, nthawi ya mwayi umenewo isunthira kutsogolo. Anthu olemba zimenezo akudziwa chimene akuopa.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndamva tsopano. Koma pali chimene chikundilemera. Ndinagawa pa bolodi: 325 miliyoni pa zaka 12 ndi madola 27 miliyoni pa chaka. Akaponya magemu 30, gemu iliyonse ndi madola 900,000. Ine ndimaphunzitsa ana okhala pansi pa simenti. Sindikuchitira nsanje mwana wa eni, luso lake ndaliona ndi maso anga. Ndikungofuna kudziwa kuti ndalama zoterezi zimachokera kuti, ndipo ngati sapatsidwa iyeyo zimapita kwa ndani.

Chimwene wa ku Los Angeles:
Aphunzitsi, funso lanu lachiwirilo ndilo linasintha maganizo anga kuposa gemu ija. Akapanda kupatsidwa wosewera, ndalamazo sizipita kusukulu kapena kuchipatala, zimatsala kwa mwini timu. Dodgers inagulidwa mu 2012 pa madola oposa 2 biliyoni ndi gulu la anthu olemera, mmodzi mwa iwo Magic Johnson, katswiri wakale wa basketball. Chaka chotsatira anasainirana ndi kampani ya wailesi yakanema mgwirizano wa zaka 25 wa madola oposa 8 biliyoni. Mu 2025 anthu oposa 4 miliyoni analowa pa geti la Dodger Stadium. Ine ndikapitako kamodzi pa chaka ndi ana anga awiri ndimayamba ndasunga ndalama, chifukwa tikiti, poimika galimoto ndi chakudya zimatha malipiro a masiku angapo. Pa bwalopo tsopano pali zikwangwani zambiri za makampani a ku Japan, ndipo alendo ochokera kumeneko amabwera m'magulu atavala malaya a nambala 17 ya Ohtani ndi 18 ya Yamamoto.

Ndiye kwa timu ngati imeneyi, 27 miliyoni pa chaka si ndalama yoti iwagwetse. Mu baseball mulibe malire okhwima a malipiro. Kuli msonkho umene timu imalipira ikadutsa mlingo wina, mu 2025 unali madola 241 miliyoni, ndipo Dodgers imaudutsa dala n'kulipira. Yamamoto akavulala, agula wina. Apa m'pamene ndikuona kuti funso langa lija ndinalifunsa moperewera. Si nkhani yongoti kodi woponya ndi woyenera ndalamazo, koma kuti woyenera kwa ndani. Nationals itataya Strasburg inagwa, n'kuyamba kugulitsa osewera ake, mpaka Juan Soto anapita. Dodgers ikanangodzikung'untha fumbi.

Malume a ku South Bend:
Apo pokha mphwanga tagwirizana, ndipo ndi pomwe mtima wanga umawawira. Taonani Paul Skenes wa Pittsburgh Pirates. Mu 2024 wosewera watsopano wopambana, mu 2025 Cy Young, kuposa Yamamoto amene anakhala wachitatu. M'zaka ziwirizo, pa ma inning 9 alionse ankapereka ma run pafupifupi awiri okha. Malipiro ake mu 2025 sanafike ngakhale miliyoni imodzi, chifukwa sanakwanitse zaka zoti n'kudzilankhulira. Zaka zimene mkono wake uli wamphamvu akuzigulitsa motchipa, ndipo akadzamasuka, ngati mtsempha uja udzakhale usanaduke, timu yolemera idzamutenga. Masapota a ku Pittsburgh akulera mwana woti adzadyerere ena.

Choncho ndikamadandaula za makontirakiti akuluakulu musaone ngati ndili kumbali ya mabwana. Dongosolo lake ndilo lopindika: limamana mnyamata pamene akugwira ntchito yeniyeni, n'kudzamulipira pamene mkono watopa.

Ndivomerenso, kuti ndisakhale wokakamira, kuti ilipo kontirakiti imodzi imene inakoma kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Max Scherzer, Nationals yomweyo, Januwale 2015, zaka 7, madola 210 miliyoni. Chaka choyamba anaponya magemu awiri osalola womenya aliyense kufika pa base ndi kumenya koyera (kumenya mpira bwino moti otsutsana nawo alephere kumutulutsa). Mu 2016 anatulutsa omenya 20 ndi strikeout m'gemu imodzi. Cy Young kawiri, 2016 ndi 2017, chikho mu 2019. Ndipo amene munaonera gemu ya ku Toronto munamuona, ndiye anayambitsa kumbali ya Blue Jays ali ndi zaka 41. Koma taonani, timu imodzi, makontirakiti awiri, wina golide wina phulusa, ndipo palibe dokotala amene akanakuuzani pasadakhale kuti uti ndi uti.

Mayi a ku Bronx:
Aphunzitsi, pa masamu anu a pa bolodi ndionjezere mzere umodzi. Anthu ambiri amati woponya sayenera ndalama zofanana ndi womenya poti amasewera kamodzi pa masiku asanu, pamene womenya amasewera tsiku lililonse. Koma womenya amaima kuti amenye kanayi kapena kasanu pa gemu, pa sizoni zimakwana ka 650 kapena 700. Woponya amene waponya ma inning 200 amakumana ndi omenya pafupifupi 800. Ntchito yake amaigwira tsiku limodzi, koma si yochepa.

Ndipo ikafika Okutobala zinthu zimasintha. Magemu amakhala ochepa, masiku opuma amakhalapo, timu sifunanso oyambitsa asanu. Woponya wabwino mmodzi atha kuponya magemu awiri mwa asanu ndi awiri. Ife tinaona mu 2024 mmene Yamamoto anatikhalitsira chete pa gemu yachiwiri, kumenya koyera kumodzi kokha, kwa Soto. Ndalama zija amagulira masiku amenewo.

NaBanda, Leeds:
Ndi masiku amenewo amene akundidetsa nkhawa, mayi. Ndabwerera kukawerenga zimene Yamamoto anachita kuyambira mu Okutobala 2025. Ku Milwaukee anaponya gemu yonse yekha, mipira 111. Gemu yachiwiri ya World Series anaponyanso yonse, mipira 105. Patangopita masiku awiri, gemu yachitatu itatalika mpaka inning ya 18, anapita kukatenthetsa mkono kuti alowe, mwamwayi Freddie Freeman wa Dodgers anaithetsa iye asanaitanidwe. Kenaka 96, mawa lake 34. Nonse mukuona kulimba mtima, ndipo n'koonadi. Ine ndikuona mtsempha wotopa ukukokedwa usanapume.

Kuvulala kotere sikuonekera tsiku lomwelo. Kumadzatulukira patapita miyezi, pa gemu wamba ya mu Meyi. Jacob deGrom anasaina ku Texas madola 185 miliyoni, anaponya magemu 6, n'kupita ku opaleshoni yachiwiri mu Juni 2023. Corbin Burnes anasaina ku Arizona madola 210 miliyoni, mu Juni 2025, chaka choyamba chomwe, mtsempha unaduka. Sindikulosera zoipa, ndikumufunira zabwino mwana ameneyu. Koma ndikamamva kuti ndalama zabwerera, ndimafuna wina anene kuti mwina zabwerera chifukwa iye anabwereka ku mkono wake wa m'tsogolo. Ndipo kontirakiti yotsimikizika ija, imene malume akuiona ngati chiopsezo cha timu, ndiyo inamupatsa ufulu wonena kuti ndipatseni mpira. Skenes atachita zomwezo n'kuvulala, angatsale ndi chiyani?

Chimwene wa ku Los Angeles:
Achemwali, mwandifika pamtima. Usiku uja m'galaja sindinaganizeko n'komwe za chigongono chake, ndinkangofuna atulutse Alejandro Kirk, womenya womaliza wa Blue Jays, basi.

Pamene ndaima tsopano ndi apa. Dodgers yatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, chinthu chimene palibe timu inachita kuchokera pa Yankees ya 1998 mpaka 2000, ndipo chachiwirichi popanda Yamamoto sichikanabwera. Palibe woponya anapambana magemu atatu mu World Series imodzi kuchokera pa Randy Johnson mu 2001. Ngakhale mawa atavulala n'kukhala panja chaka ndi theka, sindikhulupirira kuti alipo mwini timu kapena sapota wa kuno amene angati bwenzi tisanamugule. Malume akunena zoona kuti makontirakiti ambiri otere amathera m'misozi, ndipo timu yosauka ikayesa ikhoza kudzipha. Koma uyu, pa timu iyi, pa msinkhu umenewu, ine ndati anayenera.

Malume a ku South Bend:
Ine ndikuti zaka ziwiri mwa khumi ndi ziwiri zakoma kwambiri, ndipo ndavula chipewa monga anachitira mnansi wanu uja. Zotsalazo tidzakambirana zikadzafika. Chimene ndidzayang'ane sizoni ya 2026 ndi liwiro la mpira wake m'magemu oyambirira, komanso masiku amene kochi Dave Roberts azimupatsa pakati pa magemu. Ku Japan anazolowera kuponya kamodzi pa sabata, ndipo ndingakonde atamusiya choncho.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Achemwali a ku Leeds, ndili ndi mnyamata wa Fomu 3 amene amaponya nthungo pa mipikisano ya sukulu, ndipo masabata awiri apitawa wakhala akudandaula kuti pakumupweteka pamalo pomwe mwafotokozapo, m'kati mwa chigongono. Ndimuimitse kaye?

NaBanda, Leeds:
Muimitseni lero lomwe aphunzitsi, asaponye kalikonse, ngakhale mwala. Oponya nthungo amavulala mtsempha womwewo, ndipo pa msinkhu wakewo mafupa a pachigongono amakhala asanakhwime. Mumufunse ngati chala chaching'ono ndi chotsatana nacho zikuchita dzanzi, ndipo mupite naye ku chipatala akamuone asanabwerere pa bwalo.